Phazi lamanzere pa zitunda za ku Joni

Fungo la clutch yopserera sindidzaliiwala. Limakhala ngati mphira wa tayala wosakaniza ndi tsitsi lowauka, ndipo likakulowa m'mphuno limakhalamo mpaka madzulo. Ndinalimva koyamba tsiku lina Lamulungu masana, titaweruka ku tchalitchi, pa kamsewu kokwera kumbuyo kwa mafakitale a ku Strijdom Park, ku Randburg. Ndinali pa chiwongolero cha Toyota Tazz ya amalume, thukuta lili kamukamu, injini ikubuula koma galimoto osasuntha. Amalume anangotambasula dzanja n'kuzimitsa pa kiyi.

"Mphwanga, tsika kaye. Ununkhize zimene wachitazi."

Ndinatsika. Iwo anatsegula boneti, osati chifukwa panali choti akonze, koma kuti fungolo lindipeze bwinobwino. Kenako anati, "Izi ndi ndalama zikupsa. Ukamva fungo ili pa galimoto ya abwana ako, udziwe kuti ntchito yako ikupsanso."

Nthawi imeneyo ndinali nditatha zaka zitatu ku Joni, ndikugwira ntchito pa kakampani kosamalira kapinga ndi maluwa m'nyumba za anthu ku Linden, Fairland ndi Northcliff. Tinalipo asanu, ndipo tonse tinkakwera kumbuyo kwa bakkie, kagalimoto ka pikiapu, pamodzi ndi makina otchetchera udzu ndi matumba a zinyalala. Dalaivala wathu atasiya ntchito, abwana anayamba kutiyendetsa okha, zimene zinkawadyera tsiku lonse. Tsiku lina ananena poyera kuti aliyense wa ife amene abweretse laisensi atenga makiyi ndipo malipiro ake akwera. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinali ndi mwana wa Fomu 1 ku Dedza, nyumba ya mayi inali itaima pa mawindo, ndipo makiyi aja anali patsogolo panga ngati nsima yoti ungotambasula dzanja.

Bakkie yake inali Nissan NP200. Galimoto imeneyi inkapangidwa ya manual yokhayokha mpaka pamene anasiya kuipanga mu 2024. Choncho funso loti ndiphunzire iti, manual kapena automatic, linali litayankhidwa kale ine ndisanalifunse n'komwe. Ndanena izi poyamba chifukwa anthu ambiri akamakangana za nkhaniyi amayankhula ngati munthu amasankha mmene amasankhira malaya pa msika. Ife obwera kudzagwira ntchito, nthawi zambiri galimoto imene tidzayendetse si yathu. Mwini wake anasankha kale.

Mapepala ndiwo anayamba kunditopetsa. Mlendo wopanda chiphaso cha unzika wa kuno amayenera kukhala ndi nambala yotchedwa Traffic Register Number asanachite china chilichonse cha magalimoto, ndipo pamafunika pasipoti, chilolezo chokhalira m'dziko, zithunzi ndi umboni wa kumene ukukhala. Kwa ife okhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba za anthu, umboni womalizawu ndi umene umavuta. Kenako mayeso a learner's, chiphaso cha wophunzira kuyendetsa: mafunso 64, a malamulo a pamsewu 28, a zikwangwani 28, a ziwalo zoyendetsera galimoto 8, ndipo gawo lililonse uyenera kulikhoza palokha. Ndinkawerenga kabuku ka K53, ndondomeko ya mayeso oyendetsa galimoto kuno, m'taxi (minibasi za kuno), pa nthawi ya nkhomaliro, ngakhale pansi pa mtengo wa jacaranda makina akuzizira. Ndinakhoza. Chiphasocho chimagwira ntchito miyezi 24, ndipo ndinkaganiza kuti miyezi imeneyo ndi yambiri zedi.

Amalume anali atayendetsa kwa zaka zambiri mathiraki onyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Kaphunzitsidwe kawo sikanali ka m'buku. Lamulungu lachiwiri anandiuza kuti ndivule nsapato ya kumanzere.

"Clutch samaiponda ngati ukupha njoka. Uimve. Nsapato zako za kumundazi zikukubisira."

Anajambula pa fumbi ndi kamtengo: mbale imodzi yozungulira limodzi ndi injini, ina yolumikizana ndi magiya, ndi sipuling'i yozikanikiza pamodzi. Ukaponda clutch mbalezo zimalekana, injini n'kumazungulira yokha. Ukamakweza phazi zimayandikana, ndipo pali malo amodzi, ochepa ngati kukhuthala kwa chala, pamene zimayamba kukhudzana. Pamenepo kulira kwa injini kumatsika pang'ono, galimoto imanjenjemera, mphuno yake n'kudzuka ngati galu wamva fungo la nyama. Ukathawa pamalopo mofulumira injini imazima. Ukakhalitsapo uku ukuponda moto wambiri, mbale zimakhulana mpaka kupsa. Luso lonse la manual, anatero amalume, lili pa kamalo kameneko. Magiya ena onse mwana akhoza kusintha.

Ndi phazi lopanda nsapato ndinayamba kumva zimene ankanena. Kunjenjemera kuja kumabwera m'chitsulo, n'kulowa pansi pa chala chachikulu, usanakumve ndi makutu. Tinatha Malamulungu atatu tisanafike pa giya thu. Kunyamuka, kuima, kunyamuka, kuima, kuyambira pa geti la fakitale ina mpaka pa mtengo wa magetsi wachitatu. Ndikakwiya iwo ankangoti, "Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Bwerera pa geti."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mzindawu pawokha umawonjezera mavuto kwa wophunzira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu zimene ikanakhala nazo ku Durban. Tazz ya amalume, ya injini yaing'ono ya 1.3, yotsala kuchokera ku mtundu umene anasiya kupanga mu 2006, inalibe mphamvu zoti n'kutaya. Komanso mzindawu unamangidwa pa mizere ya mapiri. Amene anakwerapo Munro Drive ku Houghton, kapena Nugget Hill pokwera ku Hillbrow, kapena misewu yokhotakhota ya ku Northcliff, akudziwa. Ndipo maloboti ndi zikwangwani zoimitsa amakonda kuziika pamene chitunda chafika povuta, kumbuyo kwako kuli taxi ya Quantum imene yayandikira mpaka dalaivala wake ukumuona mano pa galasi.

Amalume anandiphunzitsa kuyendetsa, koma ananena okha kuti mayeso sangandikhozetse. K53 ili ndi mwambo wake. Galimoto usanalowemo umaizungulira ukutchula zimene ukuona, matayala, magalasi, magetsi, ngati pansi sipakudontha mafuta. Usananyamuke umayang'ana pa galasi ndi kutembenuza khosi mbali zonse moti woyesa aone kuti watembenukadi. Ukaima umakoka handibuleki utakanikiza kabatani kake kuti isalire. Pa galasi umayang'ana pafupipafupi, masekondi asanu mpaka asanu ndi atatu alionse. Ndinalipira maphunziro angapo pa sukulu ina yoyendetsa galimoto kuti ndizolowere zimenezi pamodzi ndi za m'bwalo: kulowa chobwerera pakati pa mitengo, kuimika m'mbali mwa msewu pakati pa magalimoto awiri, kutembenuka katatu mumsewu wopapatiza, ndi kunyamuka pa chitunda.

Tsiku la mayeso ndinadzuka 4 koloko. Za mitengo zonse ndinadutsa osagunda ngakhale umodzi. Kenako chitunda. Si chitunda chachikulu ayi, ndi kamtunda kosementi kamene mwana angakwere akuthamanga, kali ndi mzere woyera pamwamba. Ndinaima bwino, ndinakoka handibuleki, ndinalowetsa giya wani, ndinayang'ana mbali zonse. Koma mwendo wamanzere unayamba kugwedezeka wokha, kuyambira m'bondo, ndipo kamalo kaja sindinakapeze. Ndinatsitsa handibuleki mphuno ya galimoto isanadzuke. Tinabwerera m'mbuyo pang'ono chabe, mwina kutalika kwa chikhatho. Woyesa analemba pa pepala lake n'kunena mwaulemu kuti mayeso athera pomwepo. Pa K53 kuzimitsa injini kumangokudulira mamalikisi, koma galimoto ikabwerera m'mbuyo walephera basi, ngakhale zina zonse wachita bwino.

Ndinakhala pa mpanda wa panja nthawi yaitali. Ndalama za mayeso, za kubwereka galimoto ya sukulu, ndi tsiku la ntchito limene sindinalipidwe, zonse zinapita ndi chikhatho chimodzi chija. Mphunzitsi wa kusukulu kuja, pofuna kundithandiza, anati nanga bwanji ulendo wina ndidzayesedwe pa automatic. Ilibe clutch, siizima, pa kachitunda ngati kaja ukachotsa phazi pa buleki imadzigwira kapena kuyamba kukwawa yokha. Ananena zoona. Ndipo ndivomere kuti kwa sabata yathunthu mtima wanga unali komweko.

Chimene chinandibweza chili pa kakhadi ka laisensi. Kuno ukayesedwa pa automatic, pa malo olemba malire a galimoto amaikapo nambala 1, kutanthauza kuti ndiwe wololedwa kuyendetsa automatic yokha. Wokhoza pa manual amapatsidwa 0, ndipo amayendetsa zonse ziwiri. Ukagwidwa pa manual uli ndi 1, uli ngati munthu wopanda laisensi ya galimotoyo, ndipo ukachita ngozi a inshuwalansi ali ndi chifukwa chokanira kulipira. Kuti 1 uja achoke umayenera kukayesedwanso pa manual. Ine ndikanabwera ndi khadi lokongola kwa abwana, iwo n'kuliyang'ana, n'kuyang'ana NP200 yawo, n'kundibwezera.

Apa ndiyenera kunena za mlongo wanga, chifukwa ndinamulakwira. Iye amalera ana m'nyumba ina ku Parkhurst. Mabwana ake ankafuna munthu wokatenga ana kusukulu ndi kuwaperekeza kosambira, ndipo galimoto yapakhomopo ndi automatic. Anayamba kuphunzira patapita miyezi iwiri ine nditayamba, anayesedwa pa automatic, anakhoza ulendo woyamba. Anandiimbira foni akusangalala, ine ndili ndi chilonda cha chitunda chija. M'malo momuyamikira ndinati, "Imeneyonso ndi laisensi? Ngakhale mwana akhoza kuyendetsa."

Anakhala chete, kenako anati, "Achimwene, ana a eni amene ndimanyamulawo sadziwa kuti laisensi yanga ndi yotani. Amangodziwa kuti ndimawafikitsa."

Mawu anga aja ndinawatola kwa amuna anzanga, amene amayankhula ngati phazi lamanzere ndiye umuna. Ndi maganizo opanda pake ndipo amapweteka anthu. Ndikudziwa amayi angapo a ku tchalitchi kwathu amene anasiya kuphunzira chifukwa amuna awo anawaumiriza manual, n'kumawakalipira injini ikazima pa loboti, mpaka anaopa chiwongolero. Akanayamba ndi automatic bwenzi lero akuyendetsa. Mlongo wanga anaona galimoto imene inali patsogolo pake, anaona nthawi ndi ndalama zimene anali nazo, n'kusankha mwanzeru kuposa mmene ine ndinkaganizira. Malipiro ake anakwera ine ndisanagwire n'komwe makiyi. Komanso wophunzira pa automatic maso ake amakhala pamsewu kuyambira tsiku loyamba, pamene ife a manual timatha milungu tikuganiza za mapazi. Mumzinda umene taxi imaima paliponse ndipo munthu amadutsa msewu pamene wafunira, zimenezo si zazing'ono. Ndinapita ku Parkhurst tsiku lake lopuma kukapepesa pamaso.

Ulendo wachiwiri ndinakhoza. Amalume anali atanditengera pa chitunda chenicheni cha ku Northcliff Malamulungu anayi otsatizana, ataika njerwa kumbuyo kwa tayala, kutalika kwa chikhatho kuchokera pa mphira. Ndikaigunda tinkayambiranso. Pofika pa kachitunda ka ku mayeso mwendo unagwedezekabe, koma phazi linali litadziwa kale kokaima. Ndinadikira mphuno idzuke, ndinawerenga mumtima kawiri, kenako ndinatsitsa handibuleki.

Tsopano ndatha zaka ndikuyendetsa bakkie, ndipo manual ndimaidziwa ubwino ndi kuipa kwake ngati mmene umadziwira munthu wokhala naye nyumba imodzi. Tikatsika Northcliff titadzaza nthambi ndi dothi, ndimaika giya thu injini n'kumagwira galimoto, mabuleki osatentha. Batire itafa m'mawa wina wozizira wa mu July, anzanga anayi anakankha, ine n'kukweza clutch pa giya thu, injini n'kudzuka. Automatic sungaidzutse mwanjira imeneyo. Makaniko wa pakona aliyense amadziwa kusintha clutch, ndipo pogula galimoto yakale kuno za manual ndi zambiri komanso zotsikirapo mtengo. Koma pa msewu waukulu wa N1 madzulo, kuchokera ku Malibongwe Drive kulowera ku Buccleuch, pamene magalimoto amayenda ngati maliro, ndimaponda clutch kosawerengeka ndipo pofika kunyumba bondo lamanzere limakhala likuwotcha. Masiku a kuzimazima kwa magetsi maloboti akafa, mphambano iliyonse imasanduka yoti aliyense aime n'kudutsa motsatana ndi amene anayamba kufika, ndipo umasuntha kutalika kwa galimoto imodzi, kuima, kusunthanso, kwa theka la ola. Nthawi zoterozo ndikaona munthu pambali panga m'galimoto ya automatic, phazi limodzi lokha likugwira ntchito, ndimamusirira ndithu.

Chinandidabwitsa ndi cha kumudzi. Ndinkaganiza kuti ku Malawi, dziko la misewu yafumbi ndi malole akale, ndiye kwa manual. Nditapita pa Khirisimasi ndinapeza ku Lilongwe kwadzaza ma Sienta, ma Vitz, ma Passo, ma Nissan Note, pafupifupi onse automatic. Chifukwa chake n'chosavuta. Kwathu timagula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, olowera pa madoko ngati Dar es Salaam ndi Durban, ndipo ku Japan anthu anasiya kalekale kukonda manual. South Africa salola kuti magalimoto akale otere azigulitsidwa m'dziko mwake, poteteza mafakitale ake monga a Volkswagen ku Kariega kumene amapanga Polo Vivo ndi a Toyota ku Durban. Ndiye magalimoto a ku Japan amangodutsa pa doko kupita kwathu, kuno n'kutsala ma Polo ndi ma bakkie a magiya. Mnyamata wophunzira ku Area 25 ndi mnyamata wophunzira ku Cosmo City kuno ku Joni akukonzekera misewu iwiri yosiyana, ngakhale onse amayenda kumanzere kwa msewu.

Pa ulendo womwewo alamu anga anandipatsa Sienta yawo kuti ndikatenge mayi ku Dedza. Ndinali ndisanayendetsepo automatic. Tikuyandikira pa Nathenje ndinafuna kuchepetsa liwiro, ndipo phazi lamanzere linapita lokha kukafuna clutch. Linapeza buleki, yomwe pa automatic ndi yotakata, n'kuiponda mpaka pansi monga linazolowera. Galimoto inaima nganganga pakati pa msewu wa M1, alamu anatsala pang'ono kumenya mutu pa galasi, minibasi ya kumbuyo inatipewa mwa chisomo cha Mulungu. Ndinaimika pambali manja akunjenjemera. Alamu anati, "Alamu, phazi limenelo lipindeni pansi pa mpando, liiwaleni." Ndinatero mpaka ku Dedza. Khadi langa limati ndikhoza kuyendetsa zonse ziwiri, koma tsiku limenelo ndinali wophunzira ngati wina aliyense, ndipo ndikanapha anthu. Amene mumachoka pa manual kupita pa automatic, yambani pa malo opanda anthu, ndipo wina akuuzeni za phazi limenelo musanalize injini.

Achinyamata obwera kumene amandifunsa kawirikawiri tikaweruka mapemphero. Ndimawafunsa kaye ntchito imene akuyang'ana. Wofuna za ma bakkie, zoperekera katundu m'masitolo, zomangamanga, kapena amene akulota laisensi ya C1, ya malole apakatikati, imene anthu amaitchabe Code 10, kapenanso mathiraki opita kumudzi, ndimamuuza mosabisa kuti apirire ndi manual ngakhale alephere kawiri, chifukwa nambala 1 ija idzamutsekera zitseko zimene sanazione n'komwe. Wofuna kunyamula anthu pa Uber kapena Bolt ayeneranso kudziwa kuti pamwamba pa laisensi pamafunika chilolezo cha PrDP, cha madalaivala onyamula anthu kapena katundu ngati ntchito, ndipo galimoto zambiri zobwereka pa ntchitoyo ndi za magiya. Koma mayi amene akufuna kufikitsa ana kusukulu, bambo wachikulire amene bondo linayamba kale kuvuta, munthu amene akubwerera kumudzi kumene Sienta ikumudikira, ameneyo ndimamuuza atenge automatic mutu uli m'mwamba, ndipo womuseka abwere adzayankhule ndi ine.

Amalume anabwerera ku Dedza chaka chatha, maso atayamba kuchita chimbuuzi usiku. Tazz anandisiyira, ati ndimalize kuilipira pang'onopang'ono. Clutch yake ndinasinthitsa ndi ndalama zanga, ndipo makaniko atandionetsa mbale yakale, yosalala ngati galasi, ndinadziwa kuti mbali ina ya kusalalako ndi ya Lamulungu loyamba lija.

Sabata yatha ndinatenga mwana wa msuweni wanga, wa zaka 19, amene wangokhoza learner's, kupita naye pa kamsewu komwe kaja ku Strijdom Park. Injini inazima kasanu ndi kawiri. Kachisanu ndi chitatu ndinamuuza avule nsapato ya kumanzere. Anandiyang'ana ngati ndasokonezeka, koma anavula, n'kuiika pa mpando wa kumbuyo. Anaponda, analowetsa giya wani, anayamba kukweza phazi pang'onopang'ono. Kulira kwa injini kunatsika. Mphuno ya Tazz inadzuka.

"Amalume, ikunjenjemera!"

"Gwira pomwepo. Usakweze, usatsitse. Tsopano handibuleki."

Tinafika pa mtengo wa magetsi wachitatu, ndipo ndinamuuza kuti tibwerere pa geti.